Tambala Amene Ndinagula Pachilumba

Mwana wanga wamwamuna anandiuza nkhaniyi ndili chiimire pa sinki, yunifolomu ndisanavule n'komwe. Ndinali nditangofika kunyumba ku Armadale kuchokera kuchipatala cha ku Nedlands komwe ndimagwira ntchito ya unamwino. Ulendo wake ndi wa basi kenako sitima, ndipo mapazi ankachita kutentha mu nsapato.

"Mum, amayi ake akuti akufuna akuoneni kaye," anatero m'Chingerezi chake cha kuno chija chotulukira m'mphuno. Chichewa amamva chonse, ngakhale chomunyoza, koma poyankha amayankha ngati mzungu. Anabwera ku Perth kuno ku Australia ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Mtsikana amene ankamunenayo ndinayamba kumudziwa ndine. Ndi namwino mnzanga wa mu wodi imodzi, wochokera ku Philippines, wa manja opepuka pa odwala. Ndine ndinamuitanira kunyumba pa Khirisimasi ina nditamva kuti alibe kopita, osadziwa kuti ndikudziitanira mpongozi. Tsopano awiriwa ankafuna ukwati, koma mayi a mtsikanayo anali atanenetsa kuti mwana wawo sangamupereke kubanja limene sanalione nkhope. Nayenso mtsikanayo anali atamuuza mwana wanga mosabisa kuti mayi ake akakana, iye sadzawalumpha.

"Akati ayi, Mum, that's it," anatero mwana wanga, akutembenuzatembenuza kapu yopanda kanthu m'manja. Chimwalirire bambo ake ndinali ndisanamuone ali ndi mantha otere.

Ineyo mantha anga anali ena. Kwathu ku Dowa kholo silifunsira mwana wake ukwati. Imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe. Mayi wa mnyamata amakhala chapatali pamphasa, pakamwa atatseka, malume ake a mwana ndiwo amalankhula. Malume ake a mwana wanga ndi achimwene anga a ku Lilongwe, koma iwowo shuga ndi BP zinawapeza kale, ndipo ulendo wautali umene angathe masiku ano ndi wa ku Mponela. Nditawaimbira foni anatsokomola monga achitira akafuna kugamula nkhani.

"Chemwali, iwe ukangokhala phee," anatero. "Foni ukayiike pampando, ine ndikalankhula pa vidiyo. Chingerezi ndimachitha, ndinaphunzitsapo sukulu ine. Koma usakalowe pakhomo pa eni chimanjamanja. Ukapeze tambala wamoyo, wamkulu bwino. Chinkhoswe chopanda tambala ndi msonkhano wa chipani."

Za tambalayo sindinamuuze mwana wanga. Ndinadziwa kuti angondiyang'ana n'kunena kuti "Mum, please," ndipo mawu awiri amenewa amandifooketsa kuposa shifiti ya maola khumi ndi awiri.

Tinakwera ndege mpaka ku Manila, kenako ina yaing'ono yonjenjemera, kenakonso boti maola awiri. Ine madzi ndimadziwa a pachitsime ndi a pampopi, choncho ulendo wonse wa pabotiwo ndinagwira chitsulo cha mpando n'kumaimba nyimbo za kwaya chamumtima. Mtsikana uja anali atatsogola sabata yathunthu kuti akakonze mitima ya anthu. Anatichingamira padoko atavala sikipa ndi masilipasi, akuoneka wamng'ono kuposa mmene amaonekera mu wodi, ndipo atandikumbatira ndinamva kuti nayenso mtima ukumuthamanga.

Tauni yake ndi yaing'ono kwambiri, munthu atha kuimaliza wapansi tiyi asanazizire. Pali msewu umodzi waukulu wa simenti, bwalo pakati, tchalitchi chakale cha miyala yakuda ndi ndere, ofesi ya boma ndi msika wonunkha nsomba zouma. Kabaza wake ndi njinga yamoto yokhala ndi kangolo ka denga pambali, ndipo tinadzipanikiza mmenemo anthu atatu ndi masutikesi. Kutentha kwa ku Perth kumaumitsa, koma kwa kumeneko kumanyowetsa. Bulauzi inandimatirira kumsana tisanafike pakona yoyamba. Anthu akuda m'tauni yonseyo tinali awiri, ine ndi mwana wanga. Ogulitsa ankasiya makasitomala n'kumatiyang'ana, ana ankathamangira njinga yathu akukuwa moseka. Palibe anatichitira chipongwe, koma ndinadziwa kuti mbiri yathu ifika kunyumba ya mtsikanayo ife tisanafike, ndipo ndinayamba kudzifunsa ngati duku limene ndinavala linali loyenera.

Chimene chinanditonthoza m'njiramo ndi atambala. Pafupifupi khomo lililonse linali nawo, aliyense atamangidwa chingwe kumwendo, aliyense ali ndi kadenga kakekake ka malata. Pena ndinaona bambo atakhala pakhonde atanyamula tambala ngati khanda, akumusisita kumsana. Ndinati mumtima, anthu awa amalemekeza nkhuku kuposa ife, ndiye kuti tikamvana. Tikudutsa kanjira kena mtsikana uja analoza nyumba ya geti yabuluu, ya maluwa odzala m'zitini za penti, n'kunena kuti kwawo ndi kumeneko, tidzabwera mawa masana. Ndinasuzumira pabwalo pawo ndipo ndinaona kuti m'kanjira konseko ndi pokhapo pamene panalibe tambala ndi mmodzi yemwe. Ndinasangalala kwambiri kuti mphatso yanga ikagwa pamalo posowa.

Tinagona panyumba ya alendo pafupi ndi tchalitchi. M'mawa mwake mwana wanga anapita kukameta, ine ndinamanga chitenje n'kuzembera kumsika. Nkhuku za kumeneko zinali zoyera, zophedwa kale, zososoledwa bwinobwino. Ndinayesa kufotokoza kuti ndikufuna yamoyo, yaimuna, mpaka ndinalira ngati tambala pakati pa msika, ine mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu, namwino wa boma la Australia. Amayi ogulitsa anaseka mpaka kugwirana mapewa, kenako anaitana wakabaza wina n'kumulozera njira. Ananditengera kunja kwa tauni, kudutsa minda ya mpunga ndi mitengo ya kokonati, mpaka pakhomo pena pamene atambala anali ndandanda ngati mabedi a mu wodi.

Mwini wake anali bambo wa mano ochepa ndi ulemu wambiri. Ndinaloza wofiira wina wa mchira wakuda wonyezimira, woima ngati msilikali. Bamboyo anandiyang'ana mwaulemu watsopano, ngati ndayankha funso lovuta. Anamunyamula, anandigwiritsa ntchafu zake kuti ndimve kulimba, anatambasula phiko, anamuuzira madzi kumaso kuchokera m'kamwa mwake. Mtengo umene ananena unandiwawa, koma ndinati andiona kuti ndine mlendo, ndipo tsiku ngati limeneli si lonenerera. Pomaliza anatulutsa kachikwama ka chikopa n'kundionetsa kampeni kakang'ono kokhota, kakuthwa ngati lumo, akufunsa ndi maso ngati ndikukafuna. Ndinapukusa mutu. Ndinadabwa chabe kuti anthu a kuno nkhuku yaikulu chonchi amaiphera kampeni kochepa chotero. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine tsiku limenelo ndinkadziona wochenjera.

Tambalayo ndinamubisa kubafa m'katoni yoboola. Mwana wanga atangolowa, wometa bwino, shati yoyera m'manja, katoniyo inalira kokoliriko mpaka mawindo kuyankhira.

"Mum. What is that?"

"Ndi malume ako amenewo," ndinatero. "Atuma."

Anayamba kulankhula mofulumira, zoti kuno si kwathu, zoti anthu adzatiyesa amisala, zoti ndikanamufunsa kaye. Ndinamusiya mpaka mpweya unamuthera, kenako ndinamuuza m'Chichewa chosasakaniza kuti bambo ake pondifunsira ine, abale awo anabwera ndi tambala pa njinga yakapalasa kuchokera kutali, ndipo ine sindingakatenge mwana wa eni ngati ndikukatenga phukusi ku positi ofesi. Ndikatchula bambo ake amagonja. Anakhala pabedi n'kuyamba kumanga mabatani. Ndinamva chisoni, koma ndinkakhulupirira kuti ndikumuchitira zabwino.

Tinafika pageti yabuluu ija itangokwana 3 koloko masana, kuti kwathu ikhale 9 koloko m'mawa, achimwene atamwa kale mankhwala awo. M'nyumba munali anthu oposa khumi, azakhali, amalume, agogo wina wokhala pampando wa matayala, ndipo tebulo linali lodzaza ndi mpunga, nsomba ndi nyama ya nkhumba. Mwana wanga anachita monga anamuphunzitsira mtsikana uja, kutenga dzanja la wamkulu aliyense n'kuligunditsa pamphumi pake. Bambo a mtsikanayo anali munthu woonda, wachete, wa manja okhakhala. Mayi ake anali aafupi, a magalasi, imvi zitamangidwa kumbuyo, ndipo maso awo anali ngati a sisita wamkulu woyendera wodi. Anandiyang'ana kuyambira duku mpaka nsapato, kenako anayang'ana katoni imene ndinaisiya pakhomo, koma sanafunse.

Anandikonzera mpando wabwino koposa, wa khushoni yokutidwa pulasitiki, pafupi ndi fani. Ine ndinayala chitenje pansi pafupi ndi khoma n'kukhala, miyendo nditatambasula, monga amakhalira mayi wa mnyamata. Pampando paja ndinaikapo foni, nditaitsamiritsa ku chikwama. Anthu anayang'anizana. Azakhali ena anabwera kudzandikoka mkono kuti ndidzuke, ine ndinakana mwaulemu ndikuwomba m'manja. Mtsikana uja anandinong'oneza kuti, "Tita, kwathu kuno makolo a mnyamata ndiwo amapempha, akudikira inuyo." Tita ndi mmene amandiitanira, ndiye kuti azakhali. Ndinamuyankha kuti asadandaule, wolankhula akubwera.

Ndinaimba. Nkhope ya achimwene inaoneka, atavala jekete ndi tayi, atakhala pakhonde pawo ku Lilongwe. Anatsokomola, anakweza dzanja, anati, "Good afternoon, our dear," basi fani inaima, firiji inakhala chete, ndipo nkhope yawo inauma pa foni pakamwa pali yasa. Magetsi anali atazima tauni yonse, netiweki n'kupita nawo limodzi. Ine ndinkayesa kuti kuzimazima kwa magetsi ndinakusiya kwathu. Eni nyumba sanadabwe n'komwe, wina anangotsekula mawindo n'kunena kuti mwina abwera madzulo, mwina mawa.

Ndinaimbanso kanayi, osalowa. Thukuta linkatsika m'khosi mpaka m'chiuno. Anthu onse anali chete kudikira kuti ndinene chimene tabwerera, ine ndili pansi, lilime litalemera, chifukwa moyo wanga wonse ndinaphunzitsidwa kuti mawu amenewo si anga. Mwana wanga anandiyang'ana mondipempha. Mayi aja anapinda manja pachifuwa. Ndinaona kuti kukhala chete kwanga akukuwerenga ngati kunyada, ngati ndakana mpando wawo ndi chakudya chawo, ndipo mwina mwana wawo yemwe. Ndiye ndinati, pakamwa pakalephera, tambala alankhule.

Ndinakatenga katoni ija, ndinatulutsa tambala, ndinayenda chogwada mpaka pamaso pa bambo a mtsikanayo n'kumupereka ndi manja awiri.

Sindidzaiwala mmene manja a bambowo anamulandirira. Munthu wachete uja anasintha ngati wamwa mankhwala. Dzanja lina linalowa pansi pa chifuwa cha tambala, lina linatsika m'miyendo kupima chala chilichonse, maso akuwala. Amalume awiri anadzuka n'kuyandikira, wina anaimba kamluzu kotsitsa. Kwa kamphindi ndinati zatheka. Kenako ndinamva mpando ukukhuluzika. Mayi aja anaimirira, anavula magalasi n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono, ndipo anatuluka pakhomo la kuseri. Amalume aja anabwerera m'mipando yawo ngati ana asukulu. Bambo aja anatsala atanyamula tambala, osadziwa pomuika.

Mtsikana uja anagwada pafupi nane, nkhope itachita phulusa. Anandifotokozera monong'ona, mawu akudukaduka. Atambala onse ndinawaona m'makomo aja si oweta wamba, ndi omenyanitsa. Lamlungu amawamangirira timipeni kumiyendo n'kuwaponya m'bwalo, amuna n'kumabetcha. Bambo ake anali katswiri wa zimenezo, mpaka boti lawo lophera nsomba linapita ndi kubetchako. Mayi ake anachoka iye ali wamng'ono n'kukagwira ntchito ya m'nyumba kudziko lina zaka zambiri, kulera ana a eni kuti awo aphunzire. Atabwerako anaika lamulo limodzi lokha, lakuti tambala asadzapondenso pabwalo pawo. Lamulolo linali lisanaswedwepo mpaka lero.

Ndinakumbuka kampeni kokhota kaja. Ndinayang'ana mwana wanga. Sanati "Mum, please." Anangoweramitsa mutu n'kumayang'ana nsapato zake zimene anazipukuta m'mawa. Ndikanakonda akanandikalipira. Ndinayenda mtunda wonsewo, ndege ziwiri ndi boti, kudzamuphera ukwati ndi manja anga.

Ndinayang'ananso foni. Netiweki inali isanabwerebe. Panalibe nkhoswe, panalibe malume, panalibe wina aliyense woti n'kumutuma. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinadzuka, ndinakonza chitenje, ndinatenga tambala m'manja mwa bambo aja, amene anamusiya mosafuna, n'kutsatira kumene analowera mayi aja.

Kuseri kunali khitchini ya panja, ya denga la malata ndi mbaula ya makala, yosasiyana kwenikweni ndi ya mayi anga. Ndinawapeza ataima chondifulatira, akutsuka mpoto woyera kale. Ndinagwada pasimenti yonyowa. Chingerezi chawo chinali chomveka bwino, cha munthu amene wakhala m'nyumba za anthu ena.

"Dzukani," anatero osatembenuka. "Ine ndagwadira anthu mokwanira, ndikudziwa kuti mawondo amawawa."

"Kwathu wolakwa salankhula ataimirira," ndinayankha.

Anatembenuka. "Mwana wanu amabetcha?"

"Ayi, mayi. Ngakhale makhadi sawadziwa."

"Nanga inu? Amuna anu?"

"Amuna anga anamwalira. Anali mphunzitsi. Chinthu chokhacho chimene anabetcherapo ndine."

Sanaseke. "Ndiye chimenechi mwabweretseranji m'nyumba mwanga? Mwakana mpando wanga, mwakana kulankhula nane, kenako mwapatsa mwamuna wanga chinthu chimene chinandichotsa pa ana anga. Mwana wanga anandiuza kuti ndinu munthu wabwino. Ine ndikufuna ndidziwe nyumba imene akupita."

Apa ndi pamene ndinachita chimene mayi anga, agogo anga ndi akazi onse a mtundu wathu sanachitepo. Ndinadzilankhulira ndekha. Mawu ankatuluka mopotoka, Chingerezi cha mu wodi sichinapangidwire nkhani zotere. Ndinawauza kuti kwathu kukhala pansi ndi ulemu, ndipo mayi wa mnyamata amatseka pakamwa kuopa kuti angaoneke ngati akutsatsa mwana wake. Ndinawauza kuti abale a mwamuna amapereka tambala kwa abale a mkazi, ndiye kuti akuti, mwana wathu ndi uyu, tamupereka m'manja mwanu. Ndinawauza za tambala wa pa njinga yakapalasa uja, mmene anafikira atatopa kuposa omunyamula. Ndinavomera kuti ndinaona pabwalo pawo palibe tambala ndipo ndinasangalala, chifukwa ndine chitsiru chimene sichifunsa. Pomaliza ndinanena mawu amene si anga.

"Ndabwera kudzapempha mwana wanu. Ndili ndi mwana mmodzi yekha, ndipo ndamulera ndekha kudziko la eni. Mukamukana chifukwa cha iye mwini, ndimva. Koma musamukane chifukwa cha uchitsiru wa mayi ake."

Ndinali ndikulira, ndipo tambala ankandijompha pamkono. Mayiwo anapukuta manja pa epuloni.

"Mwati mumapereka kwa abale a mkazi. Ndiye kuti ndi wa ndani, wa mwamuna wanga kapena wanga?"

"Kwathu ana ndi a kuchikazi," ndinatero. "Pakhomo ndi pa mayi. Ndi wanu."

"Ndingachite naye chimene ndifuna?"

"Chilichonse."

Anatambasula manja, ndinawapatsa. Anatenga mpeni wa kukhitchini, waukulu bwino osati kaja, anaponda mapiko ndi phazi monga timachitira ifenso, ndipo nkhani ya msilikali wofiira uja inathera pomwepo. M'nyumba munamveka kubuula kwa amuna atatu amene ankasuzumira pawindo. Mayiwo sanatembenuke n'komwe. Anandilozera ketulo ya madzi otentha, ndipo tinayamba kusosola tonse awiri, iwo uku ine uku. Anadula jinja ndi papaya wosapsa, kenako anandituma ndikathyole masamba pamtengo wa pafupi ndi mpanda. Nditafika ndinapeza kuti ndi chammwamba, chomwechi cha kwathu. Ndinafuna kuwauza, koma ndinaona kuti tsiku limenelo ndalankhula zokwanira.

Tambala womenya ndi wolimba ngati tayala. Tinamudya choncho dzuwa likulowa, ine nditakhala pampando wa khushoni uja. Bambo a mtsikanayo anatafuna ntchafu mwakachetechete, maso ali m'mbale, ngati munthu wodya pamaliro. Anthu anacheza, anafunsa za ku Australia ndi za kwathu, agogo aja anandigwira tsaya n'kunena zinazake zimene aliyense anaseka. Koma mayi aja sananene kuti inde, sananenenso kuti ayi. Potsanzikana anangoti tiyende bwino. M'kangolo ka njinga pobwerera mwana wanga anafunsa kuti kukhitchini kuja anati chiyani, ndipo ndinamuuza zoona, kuti sindikudziwa. Anafunsanso ngati kupha tambala kuja kunali kulandira kapena kukana. Ndinati nazonso sindikudziwa.

M'mawa mwake boti lathu linali la 10 koloko. Magetsi anali asanabwere. Mwana wanga sanakhudze chakudya, ankangoyang'ana foni yopanda netiweki, ndipo mtsikana uja sanaoneke. Tinatulutsa masutikesi n'kukhala pabenchi ya panja pa nyumba ya alendo, moyang'anana ndi tchalitchi. Njinga iliyonse yodutsa ndinkaitsatira ndi maso mpaka pakona. Ndinayamba kukonza mumtima mmene ndidzagwirire ntchito wodi imodzi ndi mtsikana amene ndamuwonongera moyo, ndi mmene tidzakhalire m'nyumba ya ku Armadale anthu awiri osayang'anana.

Itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, njinga ina inaima patsogolo pathu. Anayamba kutsika ndi mtsikana uja, maso otupa. Pambuyo pake panatsika mayi ake, atavala diresi la kutchalitchi, m'khwapa atapanira nkhuku yaikazi yabulauni, yaing'ono, miyendo yomangidwa ndi kansalu.

"Dzulo simunamalize," anatero. "Ndinafunsa mwana wanga, iye anali atafunsa mwana wanu kalekale mmene zimakhalira kwanu. Akuti abale a mkazi akalola amabweza yaikazi. Ine nkhuku sindisunga, iyi ndapempha kwa mng'ono wanga."

Ndinayang'ana mwana wanga. Kani zija ndinkamufotokozera ali wamng'ono, iye maso ali pa TV, ankamva. Anali ataimirira, dzanja lili pakamwa.

Ndinayamba kugwada koma mayiwo anandigwira pachigongono. "Pamsewu ayi," anatero. Anandiika msoti uja m'manja. Unali wofunda, kamtima kake kakugunda mofulumira pachikhatho changa. Ndinaufungatira, kenako nzeru za unamwino zinabwerera.

"Mayi, ku Australia salola ngakhale nthenga imodzi kulowa. Sindingapite nawo."

"Ndikudziwa," anatero. "Ine ndi amene mungandiuze za kusiya zinthu padoko? Ndi wanu, koma ndikusungirani. Ukaswa ndidzakuuzani. Muzibwera kudzaona ziweto zanu, ndipo pobwera muzibwera ndi mwana wanga."

Ndinawauza kuti kwathu makolo a mwamuna ndi makolo a mkazi amaitanana kuti asewere. Anayesa kutchula kawiri, kachitatu anakhoza. Kenako anatenga msoti wanga n'kuubwezera m'khwapa, chifukwa wakabaza anali atayamba kuliza hutala kuti tichedwa boti.

Netiweki inabwera tili pakati pa nyanja. Foni inalira nthawi yomweyo, achimwene, mawu ali m'mwamba, kuti dzulo anakhala pakhonde ndi tayi mpaka dzuwa kulowa. Ndinawauza kuti msoti talandira. Anafunsa kuti nanga analankhula ndani.

"Ndinalankhula ndine, achimwene."

Anatsokomola. Ndinadikira chigamulo, dzanja lina litagwira chitsulo cha mpando. Pambali panga mwana wanga anali atagona tulo, mutu uli paphewa langa, koyamba chichokere ku Perth.

"Chabwino," anatero achimwene. "Koma kumudzi usakanene."